Awiri Pamachira Amodzi

Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimazungulira kumsewu popita kunyanja, kusiya njira yachidule ya m'nkhalango ya Kanyerere. Ena mumati ndi mantha a ukalamba, ndimamva mukamanong'onezana. Chabwino, sonkhezani motowo ndikuuzeni. Koma wodziwa kuti sachedwa kuseka anyamuke pompano, chifukwa nkhaniyi ndi ya mlongo wanga Filesi ndi mwamuna wake Zefaniya, ndipo ine sindiiseka.

Zefaniya anali mkamwini pamudzi pathu, ine mwini mbumba. Kunena zoona, sitinkamwerana madzi kwenikweni. Munthuyo anali wamakani osasimbika. Ukamuuza kuti nkhokwe imangidwe apa, iye ankaimanga apo, kenako n'kubwera kudzakufotokozera ubwino wa apo mpaka khutu kuwawa. Koma mkazi wake ankamukonda, pamenepo sindinganame. Ndiye mkamwini yekhayo amene ndinamuona akusenza mtolo wa nkhuni anthu akuona, kuti mkazi wake ayende chimanjamanja.

Tsiku limenelo kunali kutacha bwino, mvula itagwa sabata yathunthu. Filesi ndi mwamuna wake anapita kukakumba chinangwa kumunda wa m'mphepete mwa nkhalango. Ine ndinali pakhonde ndi msuweni wanga Bitoni, tikusoka ukonde, pamene tinamva mfuu. Tinathamanga osafunsana. Tinapeza Filesi atakhala pamzere, atagwira mwendo ndi manja onse awiri, ndipo pamwamba pa kakolo panali timabala tiwiri tikuchucha magazi akuda. Njokayo Zefaniya anali ataipha kale ndi khasu.

Ine njoka ndimazidziwa. Mphiri ndimaidziwa, mamba ndimaidziwa, nalikukuti yemwe ndimamuzindikira ngakhale atadzisandutsa kamtengo kouma. Koma iyi sindinaionepo. Inali yaitali kuposa munthu, yakuda bii, ndipo pamutu pake panali potuwa ngati imvi. Sindinafune kuiyang'ana kawiri.

"Itenthedwe pompano," anatero Bitoni. Kwathu kuno njoka ikaphedwa imatenthedwa pamalo pomwepo, phulusa lake n'kukwiriridwa, zimenezo ngakhale mwana amadziwa.

"Ayi, tipita nayo kuchipatala," anatero Zefaniya.

"Alamu, mwayambatu," ndinatero ine. "Munthu akufa apa, inu mukufuna kunyamula nyama?"

"Mng'ono wanga anafera pabenchi kuchipatala, adokotala akufunsa kuti inali njoka yanji, ife tikungoyang'anana. Wina akuti mphiri, wina akuti mamba. Zimenezo sizichitikanso kwa mkazi wanga. Akaione okha."

Ulendo uno makani ake anali ndi mutu. Anaikankhira njokayo m'thumba la feteleza n'kumanga kukamwa ndi luzi.

Mlatho wa kumsewu unali utapita ndi madzi, ndiye za njinga kapena galimoto tinangoiwala. Njira inali imodzi basi, ya m'nkhalango, yotsetsereka m'mbali mwa nyanja mpaka kukatulukira pamsewu waukulu pomwe pali chipatala. Munthu wopanda katundu akanyamuka m'mawa amakafika dzuwa lisanafike pamutu. Tinadula nsungwi ziwiri, tinamangirira bulangete, machira akwana. Tinamugoneka Filesi, tinanyamuka atatu kuti tizilandirana. Azimayi anatsala akulira ndi ana, ndipo mmodzi anatikuwira kuti tisamulole agone, tizimuitana njira yonse.

Poyamba ndinanyamula ine ndi Bitoni, Zefaniya ali patsogolo ndi thumba lake, akumenya udzu ndi ndodo. Nkhalango ya Kanyerere nthawi ya dzinja imachita kutsekeka. Mitengo imakumana pamwamba, pansi pamakhala chinyezi ndi fungo la masamba owola, ndipo nyenje zimalira mpaka m'mutu kuchita ng'wee. Koma munthu susochera, chifukwa nyanja imamveka kudzanja lamanzere njira yonse. Ukamamva mafunde kumanzere, ndiye kuti uli m'njira.

Bitoni anali mmodzi mwa adzukulu a pamudzi, anthu okumba manda aja, ndipo monga mudziwa adzukulu pakamwa pawo sipatsekeka. Ankamuseka Filesi kuti walemera chifukwa chodya kondowole wa anthu awiri. Filesi ankayankha motsitsa kuti, "Iwe Bitoni, ndikachira udzaona." Tikamva choncho mtima unkakhala pansi pang'ono.

Titawoloka kamtsinje koyamba, phewa la Bitoni linatopa, Zefaniya n'kubwera kudzalandira. Machira amafuna manja awiri, ndiye anapereka thumbalo kwa Bitoni. Bitoni anabweza manja kumbuyo.

"Ine chimenecho sindigwira, akamwini. Tayani."

Zefaniya anangowerama n'kumangirira thumbalo kunsungwi, kunsi kwa mapazi a mkazi wake, mfundo ziwiri zolimba.

"Aaa, mukuchita chiyani?" anatero Bitoni, ndipo kuseka kunali kutamuthera. "Wamoyo ndi wakufa sakwera machira amodzi. Ine maliro ndanyamula ambiri, zimenezo sindinazionepo."

"Wakufa wake uti? Iyi ndi njoka, si munthu. Tiyeni, nthawi ikutha."

Mwendo wa Filesi unali utatupa kufika m'bondo, ndiye panalibe nthawi yokangana. Tinanyamuka, Zefaniya kutsogolo, ine kumbuyo, thumbalo likulendewera pafupi ndi mawondo anga.

Sitinayende mtunda wautali pamene Bitoni, amene tsopano ankatsogolera ndi ndodo, anaima. Panjira panali patayalidwa nthambi zaziwisi, mopingasa, mwadongosolo, monga timachitira pamsewu pakagwa maliro kuti odutsa adziwe. Masamba ake anali asanafote n'komwe. Chonsecho m'nkhalango ya Kanyerere mulibe nyumba ngakhale imodzi, ndipo pamatope panalibe phazi la munthu.

"Ndi anyani awa, amathyola nthambi," anatero Zefaniya.

"Anyani amayala?" anafunsa Bitoni.

Tinalumpha nthambizo n'kupitirira. Ndinamuitana Filesi, iye n'kuyankha kuti, "Ndilipo, achimwene," koma mawu ake anali atachepa.

Kenako ndinazindikira kuti ndikumva kupuma kwanga. Nyenje zija zinali zitasiya, zonse pamodzi, ndipo sindikudziwa kuti zinasiya liti. Mbalame nazo zii. Kunangotsala kulira kwa nsungwi pamapewa pathu ndi kuthyapa kwa mapazi m'matope. Komatu musaganize kuti unali usiku. Dzuwa linali kumwamba, kuwala kwake kukudontha m'mipata ya masamba, zonse zikuoneka bwinobwino. Chimenecho ndicho chimandiopsa mpaka lero, kuti zonse ndinaziona masana.

Potsetsereka pena tinapeza anyani. Anyani a m'Kanyerere ndi amwano, amakukuwiza, amakugenda ndi zipatso, ena amafika pokulanda chimanga m'manja. Koma awa anali atakhala pansi m'mbali mwa njira, akuluakulu aamuna mbali ina, aakazi ndi ana awo mbali ina. Palibe anasuntha. Pamene machira ankadutsa pakati pawo, onse anaweramitsa mitu. Kamwana kena kanafuna kulira, mayi wake n'kukatseka pakamwa ndi dzanja.

Ndinayang'ana Bitoni. Chipewa chake, chimene sankavula ngakhale pakudya, chinali m'manja.

"Bitoni, wavuliranji chipewa?"

Anachiyang'ana ngati si chake. "Sindikudziwa," anatero. Anafuna kuchivalanso, koma dzanja linangofika pachifuwa n'kubwerera.

Apa mantha anandigwira, sindibisa. Ndinati, "Alamu, tiyeni tifulumire." Zefaniya anati akufulumira. Inenso ndinkadziona ngati ndikufulumira. Koma ndikayang'ana pansi, mapazi athu ankaponda pang'onopang'ono, limodzi, mwa kayendedwe kaja timayenda tikanyamula bokosi. Ndikati nditaye phazi patali, linkatera pafupi. Thukuta linkatsika kumsana, koma liwiro osaoneka.

Tinapeza mayi wina pokhota njira, pansi pa mtengo wa mkuyu. Anali atagwada m'mbali, atavala nsalu yakuda, ina atamanga m'mimba monga amachitira ofedwa. Nkhope anazolikitsa, moti ndinangoona pamutu pake, tsitsi lotuwa losapesa. Titayandikira anaomba m'manja mofatsa, kuomba kwa pamaliro kosatulutsa phokoso.

"Pepani ndi ulendo," anatero. "Mwatithandiza."

Ine mtima wanga ndi wapachala, mukundidziwa. Ndinakalipa. "Mayi, dzukani apo! Mukugwadira chiyani? Munthuyu ali moyo, akupita kuchipatala!"

"Sindikunena ali pamwambawo," anatero mayiyo, osadzutsa mutu.

Tinamudutsa. Patapita kanthawi ndinamva kumbuyo kwanga nsalu ikukhwekhwereza pamasamba, khwee, khwee. Ine ndiye ndinali womalizira, ndiye phokosolo linali pamsana panga penipeni. Kuponda kwa mapazi sindinakumve, nsalu yokha basi.

"Alamu, masulani chithumbacho," ndinatero. "Tsopano sindikupempha."

Ulendo uno Zefaniya sanachite makani. Anapereka nsungwi kwa Bitoni, nabwera kudzagwada pafupi ndi ine, tikuyendabe pang'onopang'ono, iye akukwawa ndi mawondo. Mfundo anamanga yekha, koma zinakana. Magazi a njoka anali atanyowetsa luzi lija, ndipo linauma gwa ngati waya. Anayesa ndi zikhadabo, anayesa ndi mano.

"Mpeni, alamu."

Mpeni wanga sunkachoka m'thumba la kabudula, ndipo ndi womwewo ndinadulira luzi pomanga machira. Ndinamuuza apise m'thumbamo. Anapisa, natulutsa dzanja lopanda kanthu. Thumba silinali lobooka.

"Titsitse pansi kaye, tithyole nsungwiyo," anatero Zefaniya.

"Musayerekeze!" anatero Bitoni kutsogolo, osatembenuka. "Tikatsitsa, aziti tafika. Simukuwamva?"

Ndinatchera khutu. Nsalu sinalinso imodzi. Kumbuyo kwathu, ndi m'mbali monse m'tchire, masamba ankakhwekhwereza, kutali ndi pafupi, mwa unyinji wa anthu operekeza. Pansi pa phokosolo panali kena kake ngati nyimbo, koma yopanda mawu, yongong'ung'udza ndi pakamwa potseka. Sinkakwera, sinkatsika. Ndinkaimva m'mano kuposa m'makutu.

Kodi ndinacheuka? Ndinacheuka kamodzi, ndi ngodya ya diso. Ndinaona mayi uja ali pafupi moti akanatha kundigwira malaya, mutu chizolikire. Kumbuyo kwake njira inali yakuda, ndipo mdimawo unkayenda. Zokwanira zimenezo, musandifunse zambiri.

"Filesi!" ndinaitana.

Zii.

"Filesi, mlongo wanga, yankha!"

"Mmm," anatero, kutali kwambiri. Milomo yake inali itatuwa, maso atatembenuka. Zefaniya ankayenda pambali pake atamugwira dzanja, akumuuza za ana, za mbuzi yake yabere, za denga limene adzafolere mvula ikatha, chilichonse chobwera pakamwa. Munthu wamkulu misozi ili chuchuchu, osaipukuta.

Patsogolo tinakumana ndi linthumbu litadula njira, mzere wonenepa ngati mkono. Linthumbu silipatukira munthu, ngakhale njovu imalilambalala. Koma ili linagawikana pakati, mbali iyi ndi mbali iyo, kutisiyira mpata wokwana machira. Titadutsa silinatsekenso, linadikira a kumbuyo aja.

Ndi pamenepo ndinakumbukira nyanja. Ndinamvetsera kumanzere, kunalibe mafunde. Ndinamvetsera kumanja, kunalibe. Njira inali yomweyo pansi pa mapazi athu, yopondeka bwino, yopanda mphambano, koma mitengo sinali ya m'njira yathu. Inali ikuluikulu, yakalekale, yosadulidwapo nthambi, mtundu wa mitengo imene imangotsala pamalo amodzi okha pamudzi uliwonse.

"Bitoni, ukutitengera kuti?"

"Si ine," anatero. "Nsungwi zikundikoka. Achimwene, nsungwi zikundikoka!"

Tinatulukira pabwalo laling'ono losesedwa bwino. Pakati pake panali dzenje, dothi lofiira litaunjikidwa mbali imodzi, likadali lonyowa. Panalibe khasu, panalibe fosholo, panalibe phazi. Pambali pa dzenjelo panagona bango limodzi lodulidwa mbali zonse, longa limene adzukulu amayezera mtembo asanakumbe. Mapazi athu anaima okha. Nyimbo ija inaleka, ndipo kukhwekhwereza kunazungulira bwalo lonse n'kukhala chete m'tchire.

Bitoni anayang'ana bangolo, nayang'ana machira. Diso la mdzukulu silifuna kuyeza kawiri.

"Si muyeso wa njoka uwu," ananong'ona. "Ndi wa Filesi."

Mayi uja anatidutsa n'kukagwada kumutu kwa dzenje. Ngakhale apa nkhope yake sindinaione, ndipo ndimathokoza Mulungu.

"Mwafika nawo," anatero. "Tsitsani."

"Mayi," anatero Zefaniya, atagwada nayenso, "wanuyo tengani. Ndinalakwa ndine, ndinamupha ndine, ndipo ndinamunyamula mosayenera. Koma uyu ndi mkazi wanga, ali ndi ana aang'ono. Tiloleni tipite naye kuchipatala."

"Ife tinaona machira akubwera ndi awiri," anatero mayiyo. "Tinakonza malo a awiri."

"Uyu sanafe!"

"Watsala pang'ono. Tidikira."

Ananena mofatsa, mopanda nkhanza, monga mmene munthu anganenere kuti madzi atsala pang'ono kuwira. Ine phewa linali litachita dzanzi, koma kutsitsa machira sindikanalola. Ndinayang'ana pachifuwa pa Filesi. Bulangete linkakwera pang'ono, n'kukhala nthawi yaitali lisanakwerenso.

Zefaniya anagwira mfundo zija, ndipo zinamasuka ngati zamangidwa ndi mwana. Ananyamula thumbalo n'kuyandikira dzenje kuti aponyemo. Tchire lonse linachita phokoso nthawi imodzi, phokoso louma, laukali, lochokera mbali zonse.

"Musaponye!" anakuwa Bitoni. "Maliro saponyedwa, akamwini! Wina amatsika nawo, n'kukawagoneka bwino." Atatero anayamba kulira ngati mwana. "Ntchito imeneyo ndi yanga, ndikudziwa. Koma muno ine sinditsika. Mundikhululukire, sinditsika."

"Palibe wakutuma," anatero Zefaniya.

Anaima kanthawi akuyang'ana m'dzenjemo. Kenako anayang'ana mayi uja.

"Mwati malo ndi a awiri?"

"A awiri."

"Mwatchula maina?"

"Sitinatchule," anatero mayiyo.

Ndinadziwa chimene Zefaniya akuganiza. "Alamu, musachite zopusa. Bwererani kuno. Tithawe nayeni, zioneka kutsogolo."

"Tithawe ndi miyendo iti? Mwayesa kuthamanga njira yonseyi, mwatha?"

"Ndiye nditsike ine. Mlongoyu ndi wanga, mbumbayi ndi yanga."

"Inu mwanyamula machira. Ndipo sanalumidwe m'munda mwanu, analumidwa ali pambali panga." Anavula nsapato zake za matayala n'kuziika pambali mwaulemu, monga amachitira adzukulu. "Alamu, makani anga mwawadandaula zaka zonsezi. Lero aloleni agwire ntchito. Ndikangotsika, inu nyamukani. Musandidikire, musacheuke. Mukamufikitse."

Anabwera pamachira n'kukonza bulangete pamapazi a mkazi wake, pamene linali litavundukuka. Kenako anakumbatira thumba lija pachifuwa ngati mwana wakhanda, anakhala m'mphepete mwa dzenje, n'kutsetserekeramo. Dzenjelo pooneka linali lofika m'chifuwa, koma mutu wake sindinauonenso.

Nthawi yomweyo mapazi anga anamasuka. Bitoni anachita kundikoka ndi nsungwi, tinathamanga. Kutsogolo kwathu tchire linkapatuka, zinthu zikusuntha m'masamba kutipatsa njira. Kumbuyo nyimbo ija inayambanso, ndipo pamodzi ndi nyimboyo ndinamva dothi likugwa, pang'onopang'ono, dzanja limodzi limodzi, monga amaponyera achibale. Ndinakuwa dzina la Zefaniya, ndinakuwa mpaka mawu kusasa, koma manja anga sanasiye nsungwi. Ndikanasiya, Filesi akanagwa.

Sitinathamange nthawi yaitali. Mwadzidzidzi nyenje zinayamba kulira, mafunde n'kumveka kumanzere, ndipo tinangoona tatulukira pamsewu waukulu, ana asukulu akutiyang'ana modabwa. Dzuwa linali litangopendeka pang'ono.

Kuchipatala Filesi anamulandira msanga, anamubaya, anamuika madzi. Ine ndinaima pakhomo kudikira kuti wina andifunse kuti inali njoka yanji. Palibe anafunsa. Namwino anangoti mankhwala amene ali nawo ndi amodzi, a njoka zonse. Ndinatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo, ndipo ndinalira mokweza anthu akundiona.

M'mawa mwake amuna a midzi itatu analowa m'nkhalango ndi agalu ndi zikwanje. Bitoni anawatsogolera. Nthambi zija anazipeza panjira, zitafota. Mkuyu uja anaupeza. Koma kuchokera pamenepo njira inangopita kumsewu monga mwa masiku onse, yopanda bwalo, yopanda mitengo ikuluikulu ija. Anafufuza masiku angapo mpaka anatopa. Agalu okha ndi amene ankafika pena n'kukhala pansi, osafuna kupitirira, koma pamalopo panalibe chilichonse chooneka.

Ine sindinapite nawo. Ndinatsala pambali pa bedi la Filesi, amene anagona osadziwa kanthu masiku onsewo. Ndinkangosinkhasinkha kuti akadzuka ndidzamuuza chiyani. Ndidzati mwamuna wako wapita kumudzi kukaona ana? Ndidzati wasochera? Bodza lililonse ndikaliyesa mumtima linkandikanika.

Anatsegula maso m'mawa wina, anamwino akusesa. Anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana ine. Sanayang'ane kukhomo, sanafunse kuti mwamuna wake ali kuti. Ndinayamba kuti, "Mlongo wanga, pali nkhani," koma anandigwira dzanja.

"Musavutike, achimwene. Ndikudziwa."

"Ukudziwa chiyani? Iwe unali utakomoka."

"Inu mumati ndinali pamachira," anatero, "koma ine ndinali nditagona kale pansi paja. Dothi linkandizizira kumsana, ndipo kumwamba ndinkangoona kabowo kowala. Sindinkaopa, ndinali nditangotopa. Kenako ndinaona alamu anu, abambo a Yankho, akutsika. Anaika katundu wawo pambali, n'kundigwedeza phewa. Ine ndinati, ndisiyeni ndigone. Iwo anati ayi. Ndinati, malo alipo, tigone tonse. Mukuwadziwa alamu anu, achimwene, sanamve."

Anapuma, misozi ikutsikira m'makutu.

"Anati, 'Dzuka Filesi, ana sanadye. Muno ndigonamo ndine.' Ndiye anawerama, ine n'kuponda pamsana pawo, n'kutuluka."